Mukufuna ndalama za kafukufuku ku famase? Yambirani pa kapulojekiti muli nakoko

Mwezi wathawu kunabwera mtsikana wina kuntchito kwathu kuno ku Zomba, ali chaka chomaliza ku famase, maphunziro a za mankhwala, ku Blantyre, anabwera kudzaona mayi ake ku Chinamwali nde anangodutsira kudzandifunsa kuti achimwene, masukolashipu amene anthu akupitira kunjawa amawapeza kuti, nanenso ndikufuna. Ndinamufunsa kuti pulojekiti yako ya chaka chomaliza ukupanga ya chani, iye anati aaa imeneyo tingopanga kuti tikhoze basi. Mawu amenewo anandikhala pamtima, chifukwa kapulojekiti amakanyozako ndi kamene opereka ndalama amayamba kufunsa. Nde ndati ndilembe zimene ndinamuuza, mwina zithandiza ena.

Kwa amene simukudziwa bwino, digiri ya famase kuno kwathu inayamba mu 2006 ku College of Medicine, imene pano ili mkati mwa Kamuzu University of Health Sciences, KUHeS, kuchokera mu 2021 pamene University of Malawi inagawidwa, dzina la UNIMA nkutsala kuno ku Zomba kumene tinkati ku Chanco. Dipatimenti ya famase ndi yaing'ono poyerekeza ndi ya madokotala, koma yakhala pamalo abwino kwambiri, pafupi pomwepo pali Queen Elizabeth Central Hospital, pali Malawi-Liverpool-Wellcome Programme (MLW), Malaria Alert Centre, Johns Hopkins Research Project, Blantyre Malaria Project, onsewo kafukufuku ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndipo mankhwala sawasowa mkati mwake. Ophunzira ambiri amatha zaka zonse akudutsa pa mageti amenewa osalowamo olo kamodzi kukamvera semina.

Poyamba pezani funso, osati mutu. Izi ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene ambiri timagwera. Munthu amabwera nkunena kuti ndikufuna kufufuza za antimicrobial resistance, kupima kwa tizilombo ku mankhwala, ku Malawi. Umenewo ndi mutu, ndi waukulu ngati phiri la Zomba, palibe angakupatseni ndalama pa chimenecho muli ndi digiri yoyamba. Funso limakhala laling'ono, lili ndi malo, lili ndi anthu, lili ndi nthawi, ndipo mukhoza kuliyankha ndi zimene muli nazo. Ndipo mafunso oterewa ali pawindo logawira mankhwala pomwepo. Tsiku lina mayi wina anafika pawindo mwana ali kumbuyo, nkumasula mfundo ya pachitenje, munali makapisozi anayi a amoxicillin atakulungidwa mu kapepala ka shuga, akuti anagula pa hokala kwawo cha ku Jali, anampatsa mwana awiri chifuwa osasintha nde anabwera. Taonani mafunso amene ali pa mfundo imodzi ya chitenjeyo. Ndi ana angati amafika kuchipatala atamwa kale antibayotiki wogula? Amagula kuti? Makapisoziwo muli mankhwala okwanira kapena ayi? Atakhala padzuwa la pamsika masabata angapo mphamvu yake imatsala bwanji? Lililonse mwa amenewa ndi pulojekiti payokha.

Kwina kumene mafunso amabisala ndi pa stock card, khadi lolembapo mankhwala olowa ndi otuluka m'sitolo. Tengani makhadi a chaka chathunthu a mankhwala khumi ofunika, muwerenge masiku amene aliyense anatha, muone ngati amatha nthawi ya mvula malungo akachuluka kapena vuto ndi kuitanitsa mochedwa. Kapena sitolo ya mankhwala ya pa health centre ya malata yopanda siling'i mu Okutobala cha ku Kachulu kunyanja ya Chilwa, pabokosi alemba kuti sungani pansi pa madigiri 30, oxytocin, jakisoni wa amayi pobereka, akufunika mufiriji pakati pa 2 ndi 8, mkatimo kukutentha bwanji masana? Ka thermometer kolemba kokha kutentha sikadula moti nkulephereka. Bungwe la WHO linanena mu 2017 kuti pa mankhwala 10 aliwonse m'maiko ngati athu ano, amodzi amakhala osakwanira mphamvu kapena achinyengo, nde nkhani ya ubwino wa mankhwala opereka ndalama amaimvetsa msanga, ndipo pali kabokosi ka Minilab koyezera mankhwala ndi thin layer chromatography kamene sikafuna labu yaikulu. Wina akhoza kuona mmene maantibayotiki akulembedwera mu wadi potsata magulu atatu amene WHO inagawa maantibayotiki, Access, Watch ndi Reserve. Wina za odwala amene anasinthidwa kupita pa ma ARV okhala ndi dolutegravir kuyambira 2019, akunenepa bwanji, shuga wawo ali bwanji. Wina za mankhwala a matenda a maganizo, poti chipatala chachikulu cha boma cha matendawa chili konkuno ku Zomba.

Musaganize kuti zinthu zazing'ono zoyezayezazi sizisintha kanthu. Malawi ndi dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine nkuyamba SP, Fansidar uja, mu 1993, chifukwa anthu anayeza nkuona kuti ana sakuchira. Mu 2007 tinasinthanso kupita pa LA. Ndipo kafukufuku wa ku Ndirande amene anatuluka mu 2006 anaonetsa dziko lonse kuti chloroquine atasiyidwa zaka zambiri anayambanso kupha tizilombo ta malungo. Zonsezo zinayamba ndi anthu owerenga odwala mmodzimmodzi nkulemba mosamala.

Kwa inu okonda za zitsamba, muli ndi mwayi umene anzanu a ku Blantyre amachita kukwerera minibasi, National Herbarium and Botanic Gardens ili konkuno. Musadzayerekeze kuyamba kuyeza chitsamba mu labu musanachitengere kumeneko kuti akatswiri achizindikire dzina lake lasayansi ndi kusunga sampulo yake yokhala ndi nambala. Dzina limodzi la Chichewa limatha kutanthauza mitengo iwiri yosiyana, wa ku Domasi nkumanena wina wa ku Chingale nkumanena winanso, nde pepala lopanda nambala ya ku Herbarium magazini abwino amalibweza. Tengani nthambi yokhala ndi masamba, maluwa kapena zipatso ngati zilipo, lembani malo ndi tsiku, ipanikizeni pakati pa manyuzi isanafote. Ndipo asing'anga amene akuuzaniwo muwalemekeze, auzeni zoona za chimene mukufuna, nzeruzo ndi zawo. Ku KUHeS kuli ACEPHEM, likulu la za umoyo wa anthu ndi mankhwala azitsamba limene linayamba ndi thandizo la World Bank, amenewo ndi oyamba kuwalembera ngati njira yanu ndi imeneyi. Funso lina labwino kwambiri pa zitsamba silifuna labu nkomwe, ndi odwala angati a BP kapena a shuga amamwa nimu kapena chammwamba pamodzi ndi mankhwala akuchipatala osauza adokotala.

Funso likapezeka, werengani musanalembe. PubMed, tsamba lofufuzirapo mapepala a kafukufuku wa zaumoyo, ndi yaulere, Malawi Medical Journal ndi yaulere, ndipo mapepala otsekedwa ambiri mumawapeza kudzera ku Hinari ya Research4Life, kafunseni ku laibulale ya pasukulu akupatseni njira yolowera. Ikani Zotero pa laputopu tsiku loyamba lomwelo izisunga mapepala onse mukuwerenga, mudzandithokoza mukamadzalemba. Tsegulaninso ORCID, nambala yokuzindikiritsani ngati wofufuza, ndi yaulere, mphindi zochepa basi, mafomu ambiri a ndalama amaifunsa.

Kenako supavaiza. Apa ndinena mosabisa, dzina la munthu ameneyu limalemera kuposa magiredi anu. Musasankhe chifukwa choti ndi wofatsa mkalasi, lembani dzina lake pa PubMed muone ngati watulutsa pepala zaka ziwiri zitatu zapitazi, ndiponso ngati ophunzira ake amaoneka pa mapepalawo. Polemba imelo musangoti bwana ndikufuna mundithandize. Lembani ndime zitatu zazifupi, ndinu ndani, mwawerenga pepala lawo liti ndipo chakukhudzani ndi chani, funso lanu ndi lotani, nkumata tsamba limodzi lofotokoza ganizolo. Akapanda kuyankha sabata ziwiri lembaninso mwaulemu, kenako pitani ku ofesi, anthuwa amakhala ndi maimelo mazanamazana. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, pitani mukagogode. Ndipo supavaiza sayenera kukhala wa famase yekha, kuno ku UNIMA kuli a chemistry, a biology, a statistics, kuli Centre for Social Research, ngati funso lanu likukhudza chifukwa chimene anthu amasiyira mankhwala panjira amenewo amadziwa kucheza ndi anthu kuposa ife.

Pulopozo yokha siyovuta ngati funso lili bwino. Chimene chimagwetsa ambiri ndi chiwerengero cha anthu ofunsidwa. Aliyense amalemba 384 chifukwa anaona kwa mnzake, osadziwa kuti nambalayo imachokera poganiza kuti theka la anthu ali ndi chinthucho, ndi chitsimikizo cha 95 peresenti, ndi kuphonya kwa 5 peresenti. Ngati funso lanu likuyerekeza magulu awiri, kawerengedwe kake ndi kena. Kaonaneni ndi wa statistics musanatolere deta, osati mutatolera kale, pamenepo amakhala alibe chokuthandizani. Mafunso aikeni pa KoboToolbox kapena ODK mu foni, zimagwira olo kulibe netiweki nkudzatumiza mukafika mtauni, ndipo ayeseni kaye pa anthu ochepa muone pamene akusokonekera.

Za chilolezo cha komiti ya ethics, yoona kuti kafukufuku sakuvulaza kapena kuphwanya ufulu wa anthu, musazembe. Wa ku KUHeS amadutsira ku COMREC, wa ku UNIMA ku UNIMAREC, ndipo palinso National Health Sciences Research Committee ya ku unduna wa zaumoyo. Ngati mukuyesa mankhwala pa anthu, a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority nawonso ayenera kuvomereza. Musanapite kumeneko mufunika kalata ya akuluakulu a zaumoyo a boma limene mukagwireko, kapena a chipatala chachikulu ngati ndi kumeneko, ndipo kalata imeneyi imatenga nthawi kuposa mmene mukuganizira, iyambeni msanga ndipo muzipita nokha kukaikumbutsa. Makomitiwa sakumana tsiku lililonse, kawirikawiri amabweza pulopozo kuti mukonze zina, nde mu ndondomeko yanu siyani miyezi ingapo ya zimenezi. Deta yotolera chilolezo chisanatuluke ndi yotayika, palibe magazini yabwino ingailandire, olo mutangowerenga mafailo akale. Fomu yopempha chilolezo kwa wodwala muimasulire mu Chichewa chimene agogo angamve, osati chomasulira liwu ndi liwu, ndipo madera ngati Malosa ndi Domasi ganizirani za Chiyao. Amene salemba amadinda chala pali mboni. Satifiketi ya Good Clinical Practice, ya kachitidwe koyenera ka kafukufuku pa anthu, mukhoza kuipeza ulele pa intaneti ku Global Health Training Centre, ya ethics ku TRREE, Loweruka limodzi ndi bandulo yokwanira mwamaliza.

Tsopano ndalama zija. Zili pa masitepe, ndipo ambiri amafuna kudumphira pamwamba. Sitepe yapansi ndi kulowa mu kafukufuku wa ena, kukhala wotolera deta nthawi ya holide, kukhala intani, kenako kukhala study pharmacist. Ntchito imeneyi anthu saidziwa koma clinical trial iliyonse imafuna wa famase wosunga mankhwala oyesedwa, wolemba kutentha kwa firiji m'mawa ndi madzulo, wowerengera botolo lililonse lolowa ndi lotuluka, nthawi zina ndi iye yekha amene amadziwa kuti uyu walandira mankhwala enieni uyu ayi. Taganizani kafukufuku wa katemera wa typhoid ku Ndirande ndi Zingwangwa amene munali ana opitirira 28,000, katemera amene boma linadzayamba kupereka dziko lonse mu 2023, ntchito yosunga ndi kuwerengera inali yochuluka bwanji. Muziona masamba a ntchito a MLW, a KUHeS, a UNC Project ku Lilongwe, a Malawi Epidemiology and Intervention Research Unit (MEIRU), sabata iliyonse osati mwa apo ndi apo. Mukalowa mkati mumamva za mwayi wa masitazi usanafike ndi pa WhatsApp pomwe, chifukwa magranti akuluakulu, monga a Fogarty International Center ya ku America, a Wellcome ya ku UK, a EDCTP ya maiko a ku Ulaya ndi Africa, nthawi zambiri amakhala ndi gawo lophunzitsa anthu, ndipo amasankha amene awaona akugwira ntchito.

Sitepe yachiwiri ndi tindalama tochepa ta inu nokha. Royal Society of Tropical Medicine and Hygiene imapereka kwa oyamba kumene mpaka mapaundi 5,000 a ntchito ya chaka chimodzi, safuna kuti mukhale ndi PhD, amafuna funso lomveka ndi supavaiza. Pa ntchito ya ma thermometer ija kapena ya ma stock card, ndalama imeneyi ndi yokwana. National Commission for Science and Technology nayo imalengeza mwayi nthawi zina, ndipo ku KUHeS kuli Research Support Centre, amenewo amadziwa zimene zatseguka komanso ndi amene amathandiza pa bajeti. TDR, pulogalamu ya kafukufuku ya ku WHO, ili ndi SORT IT, imene imaphunzitsa ogwira ntchito zaumoyo kusandutsa deta ya m'marejista kukhala pepala, kwa ife a m'maboma ndi yotikwana kwambiri.

Pamwamba ndiye pali masukolashipu amene mtsikana uja ankafunsa. Chevening ndi ya masitazi a chaka chimodzi ku UK, imafuna zaka ziwiri za ntchito, imatsegula cha mu Ogasiti, ndipo mukamaliza mumabwerera kwanu zaka zosachepera ziwiri. Commonwealth ili ndi mitundu ingapo, ina yophunzira muli konkuno pa intaneti osasiya ntchito. Beit Trust ndi ya anthu a maiko ochepa a kuno, monga Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, nde mpikisano wake si wa dziko lonse lapansi. DAAD ya ku Germany ili ndi yophunzira mu Africa momwemuno. Ireland nayo imatenga a Malawi. Ofuna PhD amene akugwira kale ntchito pa yunivesite aziona CARTA, pulogalamu yothandiza ophunzira PhD mu Africa. Malamulo ndi masiku amasintha chaka ndi chaka, muziwerenga pa tsamba lawo lenileni osati pa ka sikirinishoti kozungulira m'magulu. Onsewa mukawerenga mafomu awo funso ndi limodzi lomwelo, mwachitapo chani ndi zimene munali nazo, ndipo mukabwerako mudzachita chani. Amene analemba kapulojekiti kake bwinobwino nkukatulutsa ali ndi yankho, amene anangopanga kuti akhoze amayamba kulemba zoti kuyambira ndili mwana ndimakonda kuthandiza anthu, ndipo owerenga aona ziganizo zimenezo kambirimbiri.

Pa bajeti lembani zoona. Transipoti ya ku Mayaka kapena ku Chingale nthawi ya mvula si yofanana ndi ya chilimwe, pena mufunika njinga yamoto. Ikani ndalama ya komiti ya ethics, ya womasulira, ya kusindikiza mafomu a chilolezo, ya bandulo, ya kubwezera anthu amene mwawayendetsa, ndipo funsani ku sukulu gawo limene iwo amadula pa granti iliyonse musanatumize, osati ndalama itabwera. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene analemba bajeti yothina mu makwacha anaona zakuda, makamaka ogula ma reagent kunja, nde ngati akulola lembani mu ndalama yawoyo ndipo siyani kampata. Malisiti sungani onse, olo la kabaza lembani penapake asaine. Granti yoyamba mukaiwerengera bwino ndi imene imatsegula yachiwiri.

Chimene chinandipweteka ine ndi makalata a maumboni. Ulendo wanga woyamba ndinalemba zonse bwinobwino, koma mmodzi mwa ondichitira umboni ndinamupempha kutatsala masiku atatu, anali ku msonkhano kunja, kalata inafika tsiku lotseka madzulo, magetsi anali atathima kuyambira masana, laputopu itatsala pang'ono kuzima. Ndinakwera kabaza kuchoka ku Matawale kuthamangira mtauni kwa mnzanga amene anali ndi jenereta, pofika tsamba linali litatseka, chifukwa ola lotsekera linali la kwawoko osati lathu. Chaka chathunthu chinapita choncho. Nde apempheni kutatsala mwezi, atumizireni CV yanu ndi zimene mwalemba kuti asavutike, ndipo inu dziikireni dedilaini yanu masiku atatu isanafike yeniyeni. Thiransikiripiti, pasipoti, mayeso a Chingerezi ngati IELTS kwa amene amawafuna, zonsezi zimachedwa, muziyambe musanaone ndi malonda omwe.

Muchenjere ndi awiri awa. Sukolashipu yeniyeni siikuuzani kuti tumizani ndalama pa foni kuti dzina lanu lilowe. Ndipo magazini amene amakulemberani imelo yokutamandani nkulonjeza kutulutsa pepala sabata imodzi mukalipira, amenewo amaononga ntchito yanu, pepala likalowa mmenemo simungalitumizenso kwina. Onani kaye ngati magaziniyo ikupezeka pa PubMed kapena pa DOAJ, mndandanda wa magazini odalirika owerengedwa ulele, ndipo magazini ambiri abwino amakhululukira malipiro kwa olemba a ku Malawi mukapempha potumiza pomwepo. Za amene dzina lake likhale loyamba pa pepala mukambirane ndi supavaiza ntchito isanayambe, zimavuta kuzikamba pamapeto.

Akakukanani, ndipo adzakukanani ndithu kangapo, pemphani ndemanga ngati amapereka, konzani, tumizani kwina. Mukamaliza kafukufuku bwererani ku health centre kuja mukawauze zimene mwapeza, a in-charge ndi ma HSA amene anakuthandizani amadandaula kuti ofufuza akatenga zawo saonekanso, ndipo ulendo wina mudzawafunanso.

Mtsikana uja anandiimbira sabata yatha. Wasiya mutu wake waukulu uja, akufuna kuyeza kutentha m'masitolo a mankhwala a ma health centre anayi a kuno, awiri a kumtunda awiri a kunyanja, kuyambira Okutobala mpaka mvula itagwa, ndipo supavaiza wavomera. Kalata ya ku ofesi ya zaumoyo tikaifunsa limodzi Lolemba m'mawa, ine ndimuperekeza poti ndikudziwa khomo loyenera kugogoda.